Zotchingira Zinafika Lolemba

Mlongo wanga amaphunzitsa ana olumala m'kalasi imodzi pa sukulu ya ku Nottie Broadie. Pakati pawo panali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amene ankati akaona anzake akuyendayenda, ankalowa pansi pa desiki n'kuyamba kulira. Mayi ake anali atatopa. Ananena kuti mwezi ukatha asanakhazikike, amutengera kumudzi ku Simonga, ndipo sukulu ithera pomwepo.

Mlongo wangayo anandipempha kuti ndimupangire zotchingira, mwanayo akhale ndi kamalo kakekake kosaona anzake. Ndinagula mphasa zinayi, matabwa asanu ndi atatu ndi misomali. Loweruka loyamba mafelemu awiri anapendekeka, ndipo ndinawaphwasula.

"Iwe, bweretsa chabe, olo ni zopendama," anatero mlongo wanga pa foni. "Mwana sazapima."

Ndinakana. Ndinkafuna ngodya zowongoka, ndipo ntchitoyo inanditengera milungu itatu.

Ndinazifikitsa pa wilibala Lolemba m'mawa. Zinaima bwino, osagwedera. Mlongo wanga anazigwiragwira, kenako anandilozera desiki ya pafupi ndi zenera. Mayi ake a mtsikanayo anali atamutenga Lachisanu.

Zotchingirazo zikadali m'kalasimo. Masiku ano amapachikapo zithunzi za nyama.