Dzina Limene Amayi Anakuwa Pamasitepe

Ndinali ndi zaka naini, tikukhala ku Nechells mumzinda wa Birmingham, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja kakhumi. Amayi anali ndi kachizolowezi kamene kankandinyansa. Ankaimika botolo lopanda kanthu chozondoka m'mphepete mwa tebulo. Akuti nthaka ikangogwedezeka pang'ono botolo limayamba kugwa, munthu n'kupeza mpata wothawa.

Kwawo kunali ku Dowa, koma ine ndisanabadwe anakhalapo ku Tukuyu, ku Tanzania, m'tsinde mwa phiri la Rungwe. Ankati phirilo lili ndi moto m'mimba, akasupe ake ena amatuluka madzi otentha, ndipo zivomezi kumeneko sizipereka moni. Ine ndinkangoseka. Birmingham ndi mapiri amoto zikugwirizana pati?

Loweruka lina masana amayi anagona pasofa, atachokera kuntchito yosamalira okalamba ku Bilston. Kaya chinandilowa n'chiyani! Ndinakwawira kunsi kwa tebulo n'kuligwedeza. Botolo lija pansi phwaa!

Sindinaonepo munthu akudzuka chotero. Anandikoka pamkono mpaka zikhadabo kulowa, n'kuponda magalasi opanda nsapato. Lifiti sanaiyang'ane n'komwe, ulendo pamasitepe. Njira yonse ankakuwa kuti, "Chikondi! Chikondi, ndakugwira!" Dzina langa ndi Tadala. M'nyumba mwathu munalibe Chikondi.

Titafika panja, mabasi ankangodutsa, anthu ali pa zawo. Kumbuyo kwathu sitepe iliyonse inali ndi magazi. Ndinayamba kulira.

"Sorry Mum, ndagwedeza ndine."

Ndinkadikira mbama, koma ayi. Anakhala pansi pasimenti pozizira, akupuma mwawefuwefu, n'kundiuza kuti Chikondi anali mkulu wanga, khanda la miyezi isanu ndi itatu. Tsiku limene nthaka inagwedezeka ku Tukuyu, Chikondi anali gone kuchipinda, ndipo khoma linamugwera.

"Tsiku limenelo ndinatuluka ndekha," anatero amayi, osandiyang'ana.

Lero ndili ndi mwana wangawanga, ndipo mawu amenewo sindinawaiwale. Ndinkayesa kuti amayi ankaopa phiri lomwe analisiya kutali. Ayi ndithu, ankadziopa okha, kuti miyendo yawo idzathawanso mwana n'kutsala. Ine ndinawayesa mwachibwana pa bala lomwelo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mpaka anamwalira sindinawauze zimene ndinaona ndili kunsi kwa tebulo, kuti dzanja lawo linandipeza maso asanatsegule n'komwe.