Manambala Amene Ndinakana Kutaya

Ndinalemba kalata yanga yoyamba yodandaula Lolemba la sabata imene anthu anayamba kumweta mpunga ku Chilwa. Kope la kalatayo ndili nalo mu fayilo yobiriwira, pamwamba pa chiphaso cha katemera wa galu wathu amene anafa kalekale.

Zinayamba ndi mwana wanga wamkazi, mphunzitsi wa masamu pa Boma. Nditapuma ntchito ya ukalaliki anaona kuti ndikusowetsa mtendere amayi ake pakhomo, ndipo anandiphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Loweruka lililonse ndinkakwera kabaza kuchokera ku Jenala kupita pa shopu ina ya fotokope imene ili ndi makompyuta atatu. Pamenepo tinkalowa mpikisano wa pa intaneti. Amapereka funso, iwe ulemba pulogalamu, woweruza ayiyesa. Ikakhoza, dzina lako limabiriwira. Ikalephera, limafiira.

Loweruka lina funso linali la mzere wa manambala wodzifotokoza wokha. Umayamba motere: 1, 2, 2, 3, 3, 4, 4, 4, 5, 5, 5. Ukafuna kudziwa kuti nambala ilembedwe kangati, umafunsa mzere womwewo. Pa malo achinayi pali 3, choncho 4 amalembedwa katatu. Pa malo achisanu ndi chimodzi pali 4, choncho 6 amalembedwa kanayi. Ndinaukonda pomwepo. Unali ngati kaundula wodzisunga yekha, wosasowa kalaliki. Ankafuna kuti pulogalamu itchule nambala ya pa malo alionse, mpaka malo a mabiliyoni awiri.

Ndinachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino angachite. Pulogalamu yanga inkalemba nambala iliyonse pamalo pake ndi kuisunga. Ndisanatumize ndinaiyesa pamanja, ndipo ndinadzaza makope atatu popanda kusiyana ngakhale pamodzi. Nditatumiza, dzina langa linafiira. Pansi pake panalembedwa kuti malo osungira adzaza.

"Ababa, musasunge zonse," anatero mwana wanga. "6 akabwera kanayi motsatana, ingosungani pamene wathera. Mukadziwa pothera nambala iliyonse, malo alionse muwapeza."

"Nanga atatu enawo apite kuti?"

"Sapita kulikonse. Safunika basi."

"Mawa munthu akabwera kudzafunsa za 6 wachitatu, ndimuonetsa chiyani?"

"Ndani adzabwere, Ababa?"

"Amabwera. Iwe sunagwirepo ntchito mu ofesi."

Anaseka, nakhala pa kompyuta ina. Yake inabiriwira ndisanamalize kupukuta magalasi. Sindikutsutsa kuti yankho lake ndi lolondola, koma ndi yankho lopanda umboni. Ine zaka zonse za ntchito yanga sindinatayepo pepala, ndipo dzina langa silinalembedwepo ndi inki yofiira.

Ndinafunsa mayi mwini shopu kuti woweruzayo amakhala ofesi iti. Anati, "Madala, ameneyo si munthu, ndi makina." Ndinati makina sasowa bwana. Ngakhale chigayo chili ndi mwini wake. Kuyambira pamenepo makalata anga ndimawasiya kwa iwo, ndipo amadinda kope langa ndi chidindo cha shopu. Amati amawaika mu katoni pansi pa tebulo. Katoniyo ndinaiona, ndi youma bwino.

Kunyumba sindinapeze wondithandiza. Nditafotokozera akazi anga kuti makina akana ntchito yanga chifukwa malo osungira adzaza, anaombera m'manja.

"Makina amenewo abwere adzaweruzenso kuchipinda kuno," anatero. "Nandolo wanga akugona pakhonde chifukwa cha mafayilo anuwa."

Mawuwa ndinawalemba ndi kuwasunga.

Pofuna kuonetsa woweruza kuti lamulo la mzerewo ndimalimvetsa, makalata anga ndimawatumiza molitsata. Yoyamba ndinatumiza kope limodzi. Yachiwiri makope awiri, yachitatu awirinso, yachinayi atatu, yachisanu atatu. Mwana wanga akuti ndikangosintha mizere isanu ya pulogalamu dzina langa libiriwira lero lomwe. Ndikudziwa. Mizereyo ndinailemba kale pa pepala, ndinaiyesa pamanja ndipo ikugwira. Koma kuitumiza ndiko kusaina kuti manambala onse aja atayidwe, ndipo palibe amene wandipatsa chilolezo chimenecho.

Choncho, mu kalata ino yachisanu ndi chimodzi, imene ndapereka m'makope anayi monga mwa lamulo, ndikupempha mwaulemu woweruza, kapena amene amamuyang'anira, kuti achite chimodzi mwa ziwiri: akulitse malo osungira kuti ntchito yanga ilowe yathunthu, kapena andilembere, ndi siginecha komanso chidindo, kuti manambala otsalawo atayidwe m'dzina lake osati langa. Yankho lifike pa shopu ya fotokope Loweruka lililonse m'mawa, ndipo likhale la papepala.