Tsiku limene ndinaonetsa kapitawo msana wa amayi

Ku yunivesite ndinkaphunzira za kayendedwe ka thupi la munthu ndi kulimbikitsa umoyo wabwino. Kumudzi kwathu, m'malire mwa esiteti ya tiyi ku Thyolo, palibe amene ankamvetsa kuti ndi sukulu yanji imeneyo. Ena ankati udokotala, ena ankati za mpira. Amayi anga ankangoti, "Akuphunzira za mafupa," n'kusiyira pomwepo.

Amayiwo ankathyola tiyi pa esiteti ija kuyambira ine ndisanabadwe, koma sanali apamwezi. Ankalembedwa dzinja lililonse tiyi akachuluka, ndipo amene ankasankha anthu obwereranso anali kapitawo wa gulu lawo. Msana unali utawavuta kwa zaka ziwiri. Ku kiliniki ya pa esiteti sankapondako, poti munthu wodziwika kuti ndi wodwaladwala dzina lake limaiwalika nthawi yolemba ikafika. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino. Sindinganame kuti ndinali mwana.

Chaka chachitatu aphunzitsi anatituma kuti aliyense akaphunzitse anthu akwawo za thanzi, abwere ndi lipoti. Ine ndinati laponda lamphawi, anthu aone tsopano chimene ndimaphunzira. Ku ofesi ya esiteti anandilola kulankhula nthawi yopuma masana, pa shedi yoyezera masamba. Ndinasita malaya oyera, ndinanyamula chikwama cha laputopu, laputopuyo mulibemo. Matama okhaokha.

M'mawa wa tsikulo, akumanga pulasitiki m'chiuno kuti mame asawanyowetse, amayi anati, "Ukanene za m'buku mwakozo, koma ine usakanditchule." Ndinati ndamva.

Pa shedi panali azimayi ambiri ndi azibambo ochepa, atakhala pansi, madengu ali pambali. Kapitawo anaima chotsamira pa sikelo. Ndinayamba monga momwe zinalili m'notsi zanga: kuti munthu akhale wathanzi ayenera kuyenda ndawala mphindi makumi atatu tsiku lililonse. Ndinanena zimenezi kwa anthu amene amadzuka kusanache n'kukwera mapiri tsiku lonse katundu ali kumsana.

Mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi, anakweza mkono ngati mwana wasukulu. "Achimwene, mphindi zanuzo tiziwonjezera pa zimene tayenda kalezi, kapena mutichotsera?" Shedi yonse inafa nacho chiseko. Ngakhale kapitawo anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo kusekedwa sindikupirira. Ndinafuna kuwaonetsa kuti sukuluyi si yamasewera. Maso anga anagwera pa amayi, atakhala kumapeto.

"Amayi, tabwerani kuno."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kukana, koma kukana kukanakhala kundichititsa manyazi pagulu, ndiye anadzuka. Ndinawabereketsa dengu lodzaza, n'kuwauza kuti ayende kuchoka pa sikelo kukafika pa mzati. Anayenda.

"Mwaona?" ndinatero, mawu atakwera. "Phewa lakumanzere latsika. Mwendo wakumanja akuchita kukoka. Ndiye kuti mtsempha wapanika apa." Ndinaika dzanja m'chiuno mwawo, ine mwamuna wandevu, kugwira chiuno cha amayi anga anthu akuona. Ndinamva thupi lawo likuuma, koma pakamwa panga panali patatseguka kale. Ndinafotokoza kuti ululu umenewu akhala nawo zaka ziwiri, kuti m'mawa amadzuka chogwira khoma, kuti msana wotere suyenera kunyamulanso dengu lodzaza, uyenera kupuma. Zonse ndinanena molondola, mphunzitsi wanga akanakhalapo akanawomba m'manja.

Chiseko chinatheratu. Uchitsiru wanga, ndinkayesa kuti agoma nane. Mayi wachikulire uja anali atazolika, akuthothola udzu pansi.

Kapitawo anachoka pa sikelo. Sanakalipe ayi, anafunsa mwaulemu ndithu. "Mayi, nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Za ana asukulu izi, akapitawo," anayankha amayi, akuseka kuseka kosachokera mumtima. Anakhuthula masamba aja, anabereka dengu, n'kuyamba kukwera kumunda nthawi yopuma isanathe. Anayenda chowongoka ngati mtsikana, osakoka mwendo ngakhale pang'ono, mpaka anakalowa m'mizere ya tiyi. Ine amene ndinaphunzira za mitsempha ndinkadziwa ululu umene kuyenda kumeneko kunkawapatsa. Apo m'pamene manyazi anandigwira, ndipo mpaka lero sanandisiye.

Madzulo ataweruka sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangondilankhula m'Chilomwe, chimene ankachisungira nkhani zolemera, kuti, "Palibe chimene wanama." Kenako anandituma kukatunga madzi.

Ndinabwerera kusukulu, ndinalemba lipoti lija. Zoti munthu amene ndinaonetsera anali amayi anga sindinalembemo. Pafoni tinkangokamba za mvula ndi za chimanga, ine osayerekeza kufunsa za ntchito.

Dzinja lotsatira ndinafika kumudzi Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa. Tiyi anali ataphuka mapiri onse, anthu ali balalabalala m'mizere ndi madengu awo. Gulu la amayi ndinaliona patali, ndinalizindikira poona mayi wachikulire uja. Amayi ndinawapeza pakhonde, akusankha nyemba m'lichero.

Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse kuchokera ku Limbe, koma sindinawanene. Ndinangoti, "Sanakulembeni?"

"Sanandilembe."

Anapitiriza kusankha nyemba. Patapita kanthawi anafunsa, osadzutsa mutu, "Nanga mayeso ako aja, a pa shedi paja, unakhoza?"

Ndinati ndinakhoza, ndinaposa anzanga onse.

"Chabwino," anatero amayi. "Ndiye kuti sizinapite pachabe."