Madontho a Che Amadu m'Mwezi wa Ramadani

Ntchito ya kuchipatala cha maso ndinaipeza chifukwa cha Chiyao, osati sukulu ayi. Nditalemba Fomu 4 ndinkangokhala kwathu ku Malindi, mpaka azakhali anga anamva kutchalitchi kuti pa boma pa Mangochi akufuna munthu womasulira odwala. Ndinapita ndi diresi yobwereka, ndipo tsiku lomwelo anandipatsa tochi ndi tchati cha zilembo.

Chipinda choyezera chinalibe zenera, poti maso amaoneka bwino mumdima. Ndi kutentha kwa Mangochi kuja, ndinkakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko, thukuta kamukamu. Mwezi woyamba womwewo ndinafuna kusiya, koma ndikanalowera kuti?

A Nyirenda, dokotala wathu, anandiphunzitsa kudonthezera mankhwala a dzanzi m'diso, kenako kugunditsa kachipangizo kotchedwa tonomita, koyezera mmene madzi a m'diso akupanikizira. Tsiku lina anandionetsa pakompyuta kansalu ka mitsempha ya magazi kamene kali kuseri kwa diso. "Aka ndiye kamadyetsa diso," anatero. "Munthu akamakalamba kamanka kapyapyala. Ndiye gulukoma akabwera, madzi amapanikiza mtsempha woonera, magazi osafikako bwino. Zimene zafa kumeneko sizidzukanso."

Che Amadu anali mkulu wosoka maukonde ku Nkhudzi. Diso lakumanzere linali litafa kale ndi gulukoma, lakumanja likuona pakati pokha, ngati munthu wosuzumira mupaipi. Diso limenelo ndi limene linkawadyetsa. A Nyirenda anawalembera madontho, ine n'kumasulira monyadira: dontho limodzi 8 koloko m'mawa, lina 4 koloko madzulo, osadumphitsa. Anavomera mwaulemu, n'kumapita.

Anabweranso patapita mwezi umodzi, akuyenda chogwira khoma. Nditayeza, nambala ya pa tonomita inali itakwera kuposa tsiku loyamba. Ndinayezanso kawiri, ndikuganiza kuti mwina ndalakwitsa. Pa tchati anaona chilembo chachikulu chokha, nachonso mochita kusakasaka ndi mutu.

Ndinawafunsa ngati mankhwala anatha. Anatulutsa kabotolo m'thumba la mkanjo, kali kodzadza.

"Mama, tinali pa swaumu, kusala kwa Ramadani," anatero. "Ndikadontheza, kuwawa kwake ndimakumva kukhosi. Ndiye ndinaopa kuti ndikumwa masana. Nthawi munandipatsa zija zonse dzuwa limakhala lili kunja."

Ndinamva manyazi oopsa. Ine wokulira pakati pa Asilamu, wodya futali womasulira kusala kwa anzanga chaka ndi chaka, sindinaganizeko zoti mwezi wosala uli pafupi. Zinali zosavuta: kudontheza m'bandakucha asanayambe kusala, kudonthezanso dzuwa likalowa, n'kutsina pakona ya diso pafupi ndi mphuno kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Mawu ochepa amenewa ndi amene sindinanene.

A Nyirenda anayang'ana m'diso muja nthawi yaitali, kenako anazimitsa makina. "Auzeni kuti kuona kwatsala pang'ono, tiyesetsa kusunga komweko. Za singano ndi ukonde aiwale."

"Auzeni ndinu, adokotala," ndinanong'ona.

"Chiyao mumadziwa ndinu."

Chitseko chinali chotseka, panja odwala ali pamzere, Che Amadu atatchera khutu kwa ine. Ndinalibe kothawira. Ndinawauza zonse, ngakhale zoti nthawi zija ndinatchula ndine osawafunsa kanthu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina mtima ukanatsikako. Iwo anangofunsa ngati akayamba lero kudontheza kanayi kuona kungabwerere. Ndinati ayi.

Anaimirira n'kuthokoza adokotala, n'kuthokozanso ine. Atatero anati, "Mama, khomo lili mbali iti?" Khomolo linali pambali pawo penipeni, moti akanangotambasula dzanja.

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri tsopano, ndipo wodwala sindimupatsa nthawi ya mankhwala ndisanamve mmene tsiku lake limayendera: amadzuka liti, amapemphera liti, amasala liti, amakhala panyanja masiku angati. Anzanga atsopano pantchito amadandaula kuti ndimachedwetsa mzere. Ndimawasiya adandaule. Che Amadu anadontheza mokhulupirika mpaka imfa yawo, koma ukonde sanasokenso.