Nyali Imene Inagwetsa Apongozi

Ndine wamtima wapachala, zimenezo sindikana. Madalaivala a maminibasi atanditopetsa ndi kundithobwa m'maso ndi magetsi awo pamsewu wa ku Phwezi, ndinapita pa boma kukagula nyali ya njinga yoti nanenso ndizibwezera. Wogulitsa anandionetsa yaing'ono yabwinobwino, ine ndinakana. Ndinasankha yochajitsa, yowala ngati ya galimoto.

"Muziiweramitsa pansi, bwana," anatero.

"Njingayo ndi yako?" ndinamuyankha.

Ndinaimanga moloza m'mwamba. Tsiku lomwelo mdima utangogwa, kutsogolo kwanga kunatulukira njinga yopanda nyali, ikuyenda mokhotakhota. Mwini wakeyo ndinamuwalitsa kumaso, uku ndikukalipa: "Chitsiru iwe, msewuwu ndi wa amako?" Munthuyo anaphimba maso ndi dzanja, nkugwera m'ngalande pamodzi ndi mkoko wa nthochi.

Chipewa chakecho ndinachizindikira. Anali apongozi anga aamuna, munthu amene ndimagwada powapatsa moni. Kodi ndinawadzutsa? Ayi ndithu. Ndinapalasa ngati ndaba mbuzi, podziwa kuti ndi kuwala kuja nkhope yanga sanaione.

M'mawa mwake ndinakawazonda, bondo lawo litatupa.

"Mkweni," anatero ponditchula kuti mkamwini m'chiyankhulo cha kwawo, "chigawenga chija chinatukwana m'Chichewa cha ku Ntcheu, ngati chanu chomwechi. Anthu akwanu mumawadziwa. Mundithandize kuchipeza."

"Yewo, adada. Anthu otere ngofunika chikoti," ndinayankha nkhope ili gwa.

Nyaliyo ili pansi pa matumba a chimanga, ine ndikuyenda mumdima. Tikakumana, apongozi amafunsa pamene kafukufuku wafika. Pakali pano tikukayikira mphunzitsi wina wa masamu wochokera ku Ntcheu.