Kamakina Kosasunga Chinsinsi

Chaka chimene mpunga unachita bwino kusikimu, kalabu yathu ya alimi inalandira kamakina kolipirira. Kanabwera ndi mayi wina wa kampani ya m'tauni, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anati mavenda akuluakulu atopa kuyenda ndi ndalama m'zikwama, ndiye azilipira pa kamakinako, ndalama n'kumalowa mu foni ya mlimi. Anatipatsa sabata imodzi yoti tikayese, Loweruka tidzanene ngati tikukafuna. Atcheya anayang'ana uku ndi uku n'kuloza ine, akuti ndine ndimatha kutobwanya mafoni. Ena amati anandisankha kuti pakamwa panga papumeko, koma amenewo ndi ansanje.

Kamakinako kanali ngati theka la njerwa, koma mawu ake, abale inu! Venda akalipira, kamakuwa ndi mawu a mzimayi, kutchula dzina la mlimi, matumba ake ndi ndalama zonse. Kakatero kamapuma pang'ono n'kubwerezanso. Lolemba kanakuwa mpaka asodzi a pachilumba cha Chisi anatumiza munthu pa bwato kudzafunsa kuti walemera ndani. Chabwino, mwina sanatumize. Koma amene anali kuchigayo anamva.

Ndinafunsa mayi wa kampani uja. "Achemwali, pochepetsera mawu ndi pati?"

"Palibe. Tinachotsa dala. Chitetezo chake ndi chimenecho, palibe angabere mnzake poti aliyense wamva."

Azibambo anakakonda koopsa. Makamaka bambo aang'ono, amuna awo a mng'ono wa mayi anga. Anasamutsa benchi yawo kuchoka pa bawo n'kudzaiika pafupi ndi sikelo. Amafika m'mawa kuposa ine, n'kumamvetsera ngati mpira wa pa wailesi.

Lachitatu masana mayi aang'ono anandikokera kuseri kwa bafa. Sanandipatse ngakhale moni.

"Iwe, kachinthu kako kaja kangathe kukhala chete kamodzi kokha?"

Kenako anandiuza. Anali atabisa matumba atatu kuchipinda kwa mayi anga. Amuna awo amadziwa asanu okha, ndipo asanuwo anali atapita kale, ena ku ukonde, ena kukhosi. Atatuwa anali a fizi ya mwana wawo wamkazi, mchemwali wanga, amene amayenera kubwerera kusekondale yogonera komweko Lolemba. Venda wa ku Songani amabwera Lachisanu ndi lole, ulendo womaliza, ndipo anali atanena kale kuti sagwira ndalama m'manja.

"Akamva bambo ako aja, mwana sapita. Wamva?"

Ndinati musadandaule, ine kamakinaka kamandiopa. Anangondiyang'ana.

Lachinayi lonse ndinathera kuyesa. Ndinakakulunga m'bulangete, mawu amatulukabe ngati munthu akuitana m'chitsime. Ndinakakwirira mu ndowa ya madeya a mpunga, netiweki inathawa. Ndinamata timabowo ta sipika ndi phula, kanalankhula cham'mphuno koma dzina limamveka bwinobwino. Ndinaganiza zolemba matumbawo pa dzina la mayi anga, kanakana, poti mlimi aliyense analembetsa matumba ake ndi chiphaso, ndipo a mayi anali atatha Lolemba. Tsiku limenelo sindinadye. Ine munthu woti ndimadya ngakhale ndikudwala malungo.

Lachisanu m'mawa ndinapeza bambo aang'ono ali kale pa benchi, chipewa pabondo.

"Bambo, mwamva? Akuti bwato lanu laduka chingwe, lili m'mabango uko."

"Dzulo unati ng'ona yameza injini ya abusa."

"Koma lero ndi zoona."

"Lisiye lipite. Ndikalipeza ku Chisi."

Lole inafika dzuwa lili pamutu. Matumba atatu aja tinali titawasakaniza ndi a anthu ena. Mayi aang'ono anaima patali pakati pa azimayi, akumanga ndi kumasula chitenje chawo. Mzere umafupika. Kamakina kamakuwa, bambo aang'ono n'kumagwedeza mutu. "Eee, ameneyo walima!"

Itafika nthawi, ndinalemba nambala ya mayi aang'ono. Venda anadina zake. Ndinaona kagudumu kakuzungulira pa galasi la kamakina, ndipo nzeru imene inandibwerera inali imodzi yokha. Ndinadumphira pa sikelo.

"Njoka! Njoka m'matumba! Mphiri! Yaikulu ngati ntchafu yanga!"

Anthu anabalalika. Venda anakwera lole osagwira chitseko. Atcheya anataya nsapato imodzi. Bambo aang'ono anaimirira pa benchi, chipewa m'manja. M'phokoso monsemo kamakina kanalankhula, ndipo ngakhale ine amene ndinakagwira sindinamve kanthu. Mtima unakhala pansi.

Kenako onse anangoti zii, maso pa matumba, kudikira kuti njoka ituluke. M'bata limenelo kamakina kanabwereza. Dzina lonse, matumba atatu, ndalama zonse, mofatsa ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi.

Ndinali nditaiwala kuti kamanena kawiri.

Bambo aang'ono anatsika pa benchi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anavala chipewa, anayang'ana kumene kunali azimayi.

"Atatu eti?"

Anangonena zomwezo n'kuuyamba wakunyumba. Mayi aang'ono anatsatira pambuyo, foni ataifumbata pachifuwa.

Loweruka mayi wa kampani anabwera ndi fomu yake. Anandifunsa pamaso pa onse ngati kamakina kamagwira bwino ntchito. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinawonjezere kanthu. Ndinati kamagwira, ndalama zimalowa msanga, sikaphonya. Koma kamalankhula zinthu zoti kuno sitilankhula pagulu. Iye analemba kenakake kakafupi kwambiri. Atcheya atati ofuna kamakinako akweze manja, azibambo anakweza, ena awiri onse. Azimayi manja anali pamiyendo, ndipo mu kalabu yathu azimayi ndiwo ambiri. Kamakina kanabwerera pa njinga yamoto.

Koma zimenezo sizinathandize mchemwali wanga. Pa ndalama zija bambo aang'ono anasiyapo za thumba limodzi. Lolemba anzake akukwera galimoto, iye anali kudoko akuyanika matemba a anthu. Anadzapita patatha masabata atatu, mayi ake atagulitsa mbuzi ndi mayi anga atawonjezerapo.

Masiku onsewo ndimazemba nyumba yawo, kudutsira m'munda wa chinangwa. Tsiku limene mwana anapita ndinakumana nawo mayi aang'ono pa mjigo, ndipo panalibe kothawira. Ndinawathandiza kusenza ndowa, ndikuyembekeza mawu. Anakonza nkhata pamutu, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Pakamwa ponsepo, iwe. Unalephera kukuwa kawiri?"