Kalata ya ku koleji imene ndinaitsekera m'fayilo

Inu owerenga, ine ndine munthu wosunga mapepala. Ndagwira ntchito yolandira ndi kusunga makalata zaka zambiri ku ofesi ya bungwe lina la mayiko ku Gigiri, kuno ku Nairobi, ndipo khalidwe limenelo ndinalowa nalo m'nyumba. Khadi la kusikelo la mwana wanga ndinalisunga. Malipoti ake a sukulu ndinawasunga kuyambira sitandade wani. Kalata iliyonse yofika m'manja mwanga ndimaidinda ndi kachidindo kanga, n'kulembapo tsiku limene ndailandira. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti ndinabisa kalata imodzi ya mwana wanga, ndipo chifukwa cha kubisako alibe digiri mpaka pano. Umboni wake ndinaukonza ndekha, mwaudongo, ndi dzanja langa.

Mwanayo ndi Yamikani, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa ine ndi mayi ake, a Nachisale. Anatengera msinkhu wa amalume ake, moti ali ku sekondale ankawerama polowa m'timabasi timene kuno amati matatu. Kumeneko ndi kumene anayamba basiketibolo. Mphunzitsi wake wa masewera anatumiza kaseti ya vidiyo ku America, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 koleji ina yaing'ono inamutenga kuti aziphunzira ulere bola aziisewerera mpira. Anasankha maphunziro a kasamalidwe ka madzi. Anatha zaka zinayi, koma chifukwa cha maulendo a timu, anatsala ndi maphunziro awiri okha kuti alandire digiri.

Kwa amene simudziwa, chaka chilichonse matimu a ligi yaikulu ya kumeneko amakhala pansi n'kusankha anyamata ochepa mwa otuluka m'makoleji. Dzina la Yamikani silinatchulidwe. Pamenepo panalibe chamanyazi, pakuti osiyidwa ndiwo ambiri. Koma osiyidwawo ali ndi msampha wawo. M'miyezi yotentha ya kumeneko, sukulu zitatsekera, mumachitika timipikisano ta masabata ochepa, ndipo anyamata amauzidwa kuti akaonetsa luso, timu ina iwatola.

Yamikani sanali wopusa ayi. Analembera koleji kupempha kuti imulipirire teremu yomaliza m'miyezi yotentha yomweyo kuti amalize. Popeza anali atatuluka kale m'hositelo ndipo ankagona kwa mnzake, anapereka bokosi langa la ku positi ofesi kuno ku Nairobi. Anandiuza pafoni kuti yankho likangofika ndimutumizire pa fakisi. Anakhulupirira kuti pa dziko lonse lapansi, kalata singasowe m'manja mwa bambo ake.

M'sabata imodzi munafika makalata awiri. Yoyamba inali ya ku koleji, kapepala kopyapyala. Inati pempho lavomerezedwa, alembetse pasanathe masabata atatu, ndipo akapanda kutero thandizo latha, chifukwa zaka zake zosewerera koleji zinali zitakwana. Yachiwiri inali ya munthu wina wodzitcha ejenti, wopezera osewera matimu. Pepala lake linali lokhuthala, la m'mphepete mwagolide, lili ndi chithunzi cha mwana wanga akulumpha. Ankandidziwitsa kuti wamupezera malo pa mpikisano wa miyezi yomweyo, ndiponso kuti iye ali pa ulendo wobwera ku Nairobi kudzaona anyamata ena aatali.

Ndinakumana naye ku hotela ina m'tauni. Kamunthu kake kanali kafupi, kosafika ndi paphewa panga, konunkhira mafuta mpaka tiyi ankamveka sopo. Sikanagwirepo mpira, zimenezo zinkaoneka ndi manja omwe. Kankanditchula kuti Papa, kakuyang'ana wotchi. Nditatchula za maphunziro awiri otsala aja, kanaseka n'kunena kuti buku silivunda koma mawondo amatha, digiri adzaitenga tsiku lililonse, pomwe khomo la mpira limatseguka kamodzi. Ine, amene ndakhala ndikubweza makalata a akuluakulu chifukwa chosowa siginecha, ndinakhala pamenepo n'kumagwedeza mutu ngati mbuzi yoona chimanga. Ndinayang'ana chidindo pa kalata yake ija, ndinayang'ana siginecha, zonse zinali m'malo mwake. Funso loti mwa anyamata amene anawatumizako kale ndi angati amene anatoledwa, sindinafunse.

Lamulungu lake ndinapita ndi pepala lagolide lija kumene timasonkhana Amalawi tikatuluka m'tchalitchi. Pagulu pathu panali bambo wina amene mwana wake ndi dokotala, ndipo tinali titamva za udokotalawo Lamulungu lililonse kwa zaka zitatu. Tsiku limenelo inali nthawi yanga. Pepala linayenda dzanja ndi dzanja. Anthu osadziwa n'komwe kuti m'bwalo mumalowa osewera angati anayamba kunditchula bambo a katswiri. Wina anapempha kuti mwanayo akadzalemera asadzaiwale denga la tchalitchi cha kwawo. Ndinabwerera kunyumba nditatupa ngati finye.

A Nachisale anawerenga makalata onse awiri mofatsa. Anati onse atumizidwe kwa mwini wake, asankhe yekha, pakuti ndi mwamuna wamkulu. Ndinavomera pakamwa. M'mawa mwake ndinatenga kalata ya ku koleji ija, imene ndinali nditaidinda kale ndi kulembapo tsiku, ndinalemba ndi pensulo pakona kuti isatumizidwe kaye, n'kuilowetsa m'fayilo yobiriwira ya mapepala a mwanayo. Mayi ake ndinawauza kuti ndatumiza. Lachisanu Yamikani anaimba foni n'kufunsa ngati koleji yayankha. Ndinati sikunafike kanthu. Anati ndiye kuti amukana, angopita kumpira. Kwa mayi ake ndinanena kuti mwana wasankha mpira. Mumtima ndinkati ndikumuchotsera chisokonezo, koma choona chake n'chakuti ndinkafuna dzina lija la bambo a katswiri.

Tsopano ndikuuzeni chimene timipikisano timeneto tili, chifukwa mapepala a zotsatira onse amene mwana wanga ankatumiza ndinawawerenga mzere ndi mzere. Timu imabwera ndi anyamata ake awiri kapena atatu amene inawasankha kale, ndipo imafuna kuwaona akuthamanga. Kuti athamange pamafunika matupi ena oti aziwagunda. Matupi amenewo ndi ana athu. Amapatsidwa jezi, mpikisano ukatha amauzidwa kuti zikomo, mwachita bwino. Pa masewero ena, pa dzina la Yamikani panalembedwa kuti sanalowe m'bwalo. Pa ena analowa mphindi zitatu zakumapeto, akuluakulu oonera atanyamuka kale kukadya. Tsiku lina anagoletsa bwino ndithu, koma kochi anamuuza kuti ntchito yake sinali kugoletsa, inali kupatsira mpira mnyamata wawo uja.

Kaejenti kaja kanali ndi mankhwala amodzi okha: chaka chamawa. Chaka chamawa chinafika, n'kubweranso china. Pakati pa mipikisanoyo mwana wanga ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, n'kumasewera m'timaligi tating'ono toyenda pa basi tsiku lonse. Sankadandaula. Mayi ake akamufunsa za sukulu ankayankha kuti zimenezo zinakanika, ndipo iwo ankaganiza kuti akuchita manyazi ndi chisankho chake, n'kusiya nkhaniyo. Ine ndinkakhala pambali pa foni, khutu lili tcheru, kuopa kuti liwu limodzi lingandiulule. Chaka chachinayi bondo linaphwanyika pa mpikisano. Ndinalembera ejenti uja makalata atatu, makope ake ndili nawo. Onse anabwerera osatsegulidwa. Pa foni yake panayankha mayi wina wogulitsa mipando.

Tinakamulandira ku bwalo la ndege ku Embakasi. Anatuluka akutsimphina, ndi chikwama chimodzi. Anzanga a pa Lamulungu aja anamufunsa kamodzi ngati wabwera ku holide, atamva kuti wabwereratu sanafunsenso. Wa denga la tchalitchi uja anafika pomulangiza kuti achinyamata asamathamangire zinthu zopanda pake. Ndinamuyang'ana munthu ameneyo ndipo ndinanyansidwa naye, koma ndinalibe pakamwa pomudzudzulira.

Bondo litachira, kunamveka ntchito pa chitukuko china cha madzi. Eni ake ankafuna munthu wa digiri, koma anati akhoza kuona mapepala a maphunziro amene anamaliza. Yamikani anandiimbira ku ofesi kufunsa kumene kuli mapepala ake. Apa ndi pamene kunyada kunandigwetsa kachiwiri. Ndinayankha mokondwa kuti atenge fayilo yobiriwira pa shelefu yachiwiri, zonse zili mu ndondomeko ya masiku. Ndinaika foni pansi ndikudzitamanda kuti ana a anzanga akanasakasaka mpaka mawa. Ndinakumbukira za kalata ija ndili pa mzere wa magalimoto pobwerera kunyumba.

Ndinapeza Yamikani ndi mayi ake atakhala patebulo, fayilo ili yotsegula. Panalibe wolira. Yamikani anandipatsa moni monga mwa masiku onse, anadikira kuti ndikhale pansi, kenaka anatembenuzira kalata ija kwa ine.

"Adadi, chidindo ichi ndi chanu?"

Ndinavomera.

"Mwalemba kuti munailandira Lachiwiri. Ine ndinaimba Lachisanu, munati sikunafike kanthu."

A Nachisale sanandiyang'ane. Anangoti, "Bambo a Yamikani, munati munatumiza. Zaka zonsezi ine ndimati mwana ananyoza sukulu."

Ndinayamba kufotokoza za ejenti, za mawondo ndi mabuku, za momwe ndinkamufunira zabwino. Yamikani anamvetsera mpaka ndinatha mawu. Ndiyeno anati, "Mwina ndikanasankhabe mpira, Adadi. Koma ndikanasankha ine."

Ntchito ya madzi ija sanaipeze. Analembera koleji, ndipo inayankha mwaulemu kuti thandizo lija linatha kalekale, maphunziro anasintha, akafuna abwereze chaka chathunthu modzilipirira. Ndinati ndiyesetsa kumulipirira. Anakana. Panopa amaphunzitsa ana masewera pa sukulu ina ku Ruaka, ndipo amakhala komweko m'kanyumba ka lendi. Akabwera kudzaona mayi ake amandipatsa moni wa manja awiri, amafunsa ngati ndadzuka bwino, n'kuthera pomwepo. Sanandinyozepo. Bokosi la ku positi anatsegula lake.

Makolo anzanga, mwana wanu akasiyidwa pa tsiku losankha, musamve zonena za anthu onunkhira amene amadya ndi miyendo ya ana a eni. Afunseni mayina a anyamata amene anawatumizako zaka zapitazo, ndi kumene ali lero. Musamvenso za oimba m'manja a pa Lamulungu, chifukwa amenewo amaimbira aliyense, ndipo bondo likathyoka iwo amakhala akuimbira wina. Mpira si tchimo, mwana akafuna kuyesa ayese, koma ayese akudziwa zonse zimene zili patebulo. Kalata yolembedwa dzina la mwana wanu ndi yake. Ngakhale mukhale ndi nzeru zotani, ngakhale munamubereka ndinu, iperekeni tsiku lomwelo.

Tsiku limene Yamikani ankasamuka anatenga fayilo yobiriwira yonse, ndi khadi la kusikelo lomwe. Patebulo panga anasiya zinthu ziwiri: kalata ija, ndi kathumba kapulasitiki kopanda kanthu kamene ndinakakonza chaka chimene ankapita ku America, nditalembapo kale ndi dzanja langa kuti digiri ya Yamikani. Ndinazitsegulira fayilo yakeyake. Pepala sinditaya ine.